Masiku amene hatchi inkatsata ngolo pambuyo

Adzukulu anga, sendererani kuno kofunda, mafoniwo muyambe mwawaika pansi. Kunja kwada kale chonsecho 4 koloko sinakwane n'komwe, monga mmene kumachitira kuno mu Disembala, ndipo mvula yamawawa imeneyi sikata lero. Ndikufuna ndikuuzeni za kanjira kaja mumapalasako njinga Loweruka, kochokera ku Sunniside n'kumatsika m'nkhalango kulowera ku Lobley Hill, kufupi ndi mtsinje wa Tyne. Inu mumangoti ndi njira ya njinga basi. Koma munayamba mwadzifunsapo chifukwa chake kanjirako kali kowongoka ngati kanayezedwa ndi chingwe, pamene misewu ina ya kuno imapindikapindika ngati njoka yomenyedwa ndi ndodo? Nanga bwanji popita njinga imangodziyendera yokha, miyendo ili tambalale, koma pobwerera mumafika pakhomo lilime lili kunja? Mtsetse umenewo anthu anachita kuufunafuna, anauyeza, ndipo ena anasiyapo moyo.

Ine kuno ndine mlendo kuposa inu. Inu munabadwira konkuno, ine ndinafika imvi zitayamba kale, nditanyamula chikwama chimodzi ndi kaufa pang'ono. Koma safunsa anadya phula. Nyumba yoyamba imene tinakhalamo ndi agogo anu aakazi inali yogundana khoma ndi ya bambo wina wokalamba amene analowa mumgodi ali mnyamata n'kutulukamo migodi itatsekedwa. Chingerezi chake cha Geordie chinkandizunguza mutu, changa nachonso chinkamuvuta, koma kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo pa kapu ya tiyi tinkamvana ndithu. Pamphumi ndi m'manja anali ndi timabala tobiriwira ngati mphini, pamene fumbi la malasha linatsekeredwa m'zilonda zikupola, ndipo usiku chifuwa chake tinkachimva kuchipinda kwathu. Iyeyo ndiye anayamba kunditenga m'tinjira timeneti, akuloza ndi ndodo yake kuti apa pankadutsa ngolo, apo panali chipata. Zotsalazo ndinatolatola kumalo osungira zinthu zakale ku Beamish ndi pa zikwangwani zija inu mumangozidutsa pa liwiro.

Tiyambe tasiyanitsa makala ndi malasha, chifukwa ndinamva wina wa inu akusokoneza. Makala ndi aja owotcha kuchokera ku mitengo, aja munawaona m'matumba m'mphepete mwa msewu ku Zalewa titapita kumudzi. Malasha ndi mwala wakuda wochita kukumba pansi, ngati wa ku Mchenga ku Rumphi, kapena wa ku Hwange kumene amuna ambiri a kwathu anakagwirako ntchito kale. Dziko lino la Durham ndi Northumberland linakhala pamwamba pa mwala umenewo. Mzinda wa London utakula, nkhuni zinayamba kusowa ndi kukwera mtengo, ndipo anthu anayamba kuphikira ndi kuwotha malasha ochokera ku Newcastle. Popeza ankafika pa zombo, a ku London ankangowatcha malasha a panyanja, ngati kuti amachita kuwakoka ndi khoka. Moto waukulu utapsereza mzindawo mu 1666, msonkho wa pa malasha ndiwo unathandiza kumanganso tchalitchi chachikulu cha St Paul's. Mukadzapita kukachiona mudzakumbukire kuti m'makoma akewo muli thukuta la anthu a kuno.

Poyamba ntchito inali yofewa, chifukwa malasha anali m'mphepete mwenimweni mwa Tyne: ukumba apa, uthira m'bwato apo. Koma zapafupi sizichedwa kutha. Migodi ya m'mbali mwa mtsinje itaguga, ina itadzaza madzi, anayamba kukumba kumtunda, ku Tanfield, ku Pontop, kutali ndi doko. Apa ndiye panagona nkhani. Ngolo ya pamsewu, yokokedwa ndi ng'ombe ziwiri ndi mahatchi awiri, sinkanyamula ngakhale tani imodzi yathunthu, ndipo dothi la kuno mukulidziwa nokha, mvula ikangogwa limasanduka phala. Nyengo yozizira ngolo zinkangoima, malasha ali mulu pakamwa pa mgodi, ku London anthu akunjenjemera.

Zimenezi ine sindichita kumva kwa munthu. Ndili kamnyamata ku Ntcheu ndinkatsogolera ng'ombe za amalume tikamatuta chimanga kapena mbatata ya kachewere. Tsiku lina mu Febuluwale ngolo inatitimira m'dambo mpaka mawilo osaoneka. Tinatsitsa matumba onse, tinadula nthambi ndi timitengo n'kuyala pansi pa mawilowo, amalume akukalipa, ng'ombe zikupuma ndi pakamwa, ndipo ngolo itangoponda pamitengo paja inatuluka ngati yopanda kanthu. Chimene ife tinachita pa mapazi khumi okha, anthu a kuno anaganiza zochita njira yonse, kuchokera pamgodi mpaka kumtsinje.

Woyamba amene mbiri imamutchula sanali wa kuno. Dzina lake anali Huntingdon Beaumont, ndipo pofika mu 1604 anali atayala njanji ya matabwa ya makilomita ngati 3 kuchokera kumigodi ya ku Strelley kukafika ku Wollaton, kufupi ndi Nottingham. Atatero anabwera kuno kumpoto, cha ku Blyth, ndi nzeru yake yomweyo ndiponso ndalama zobwereka. Amati mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa, koma kalumo kameneka kanameta ena, mwini wake kanamucheka. Ndalama zinatha, ngongole zinamumanga miyendo, ndipo anafera m'ndende ku Nottingham mu 1624. Eni migodi a kuno nzeruyo anaiona, anaitola mwakachetechete, ndipo patapita zaka zana limodzi mapiri onsewa anali atalembedwa mizere ya matabwa yoloza kumtsinje.

Kayalidwe kake kanali kotere. Ankayamba asalaza njira, pokwera n'kukumba, potsika n'kuthira dothi, kuti mtsetse ukhale woyang'ana kumtsinje. Kenaka ankagoneka mitanda ya mtengo wolimba wa oak chopingasa, n'kukhomapo mizere iwiri ya matabwa ndi zikhomo za mtengo. Pakati pake ankathira phulusa ndi timiyala kuti ziboda za hatchi zisadye mitanda ija. Matabwa ankatha msanga, ndiye pambuyo pake anaphunzira kusanjika thabwa lachiwiri pamwamba, kuti likaperepeseka azingochotsa lomwelo, lapansi lili chikhalire. Mawilo anali ndi mlomo mkati mwake wogwira thabwa kuti ngolo isapatuke. Panjira zikuluzikulu mizere inali iwiri, wina wa ngolo zodzaza, wina wa zobwerera zopanda kanthu.

Ngoloyo inali ngati mtondo, yotambalala kukamwa, yopanikiza kunsi, ndipo pansi pake panali kachitseko kotulutsira malasha. Muyeso wake ankautcha chaldron, matani awiri ndi theka n'kupitirirako pang'ono. Tsono onani: katundu amene pamsewu akanafuna ngolo zitatu ndi khola lonse la ziweto, panjanji ankakokedwa ndi hatchi imodzi, woyendetsa mmodzi.

Woyendetsa ameneyu ndiye ndimamuganizira kwambiri ndikamayenda m'tinjira timeneti, chifukwa dzina lake silinalembedwe pa mwala uliwonse. Ambiri anali alimi a timinda tating'ono ta lendi, hatchi inali yawoyawo, ndipo ankalipidwa pa ulendo uliwonse umene afikitsa malasha kumtsinje. Hatchi ikadwala, pakhomo palibe ndalama. Ankadzuka kusanache, kuidyetsa, kuimanga zingwe, n'kukaima pamzere pamgodi. Pamalo athyathyathya ankayenda wapansi patsogolo, ndipo pazithunzi zina zakale amamuonetsa atagwira kaudzu kouma m'manja, hatchi ikulondola kaudzuko, ngolo ikulondola hatchi. Ndinaseka nditaona, chifukwa ifenso mwana wa ng'ombe wokana goli tinkamunyengerera ndi chitsononkho chokhala ndi timaso ta chimanga.

Akafika pamene mtunda ukuyamba kutsika, ankaima. Ankamasula hatchi kutsogolo n'kukaimangirira kumbuyo kwa ngolo. Amene anayendetsapo ngolo ya ng'ombe akudziwa chifukwa chake: pamtsetse katundu ndiye amalamula, goli limakankhidwira kunyanga, ndipo chiweto chikapunthwa ngolo imachikwera pamsana. Ndiye hatchi inkatsata pambuyo ngati mwana wopita ndi amayi ake kuchigayo, ndipo woyendetsa ankakwera kumbuyo kwa ngolo n'kukhalira mtengo wautali wopindika umene ankautcha convoy. Mtengo umenewo ndiwo unali buleki. Akaukhalira ndi thupi lonse unkakanikiza wilo, akanyamukako pang'ono ngolo inkathamanga. Moyo wake, wa hatchi yake ndi wa mnzake amene ali patsogolo unali pa matako ake ndi kamtengo kamodzi. Ngakhale mawilo a chitsulo atabwera, ambiri anasiya akumbuyo akhale a mtengo, chifukwa mtengo ndi mtengo zimagwirana bwino kusiyana ndi mtengo ndi chitsulo.

Chimene ankaopa chinali chisanu ndi mvula. Inu mukudziwa mmene masitepe a matabwa a kuseri kwa nyumba amaterera m'mawa kukachita chisanu, mpaka agogo anu aakazi anagwa chaka chatha. Tsono ganizirani thabwa lonyowa lomwelo, pamwamba pake pali matani awiri ndi theka, kutsogolo kuli mtsetse wautali. Wilo linkatha kugwidwa ndi buleki, osazungulira, koma ngolo n'kumangotsetsereka ngati mwala wa pamtsinje. Pa chifukwa chimenechi pamalo otsika kwambiri pankakhala anyamata othira phulusa pamatabwa, ndipo kunja kukaipiratu ntchito inkaima. Koma munthu wolipidwa pa ulendo salola msanga kugona ndi njala. Wakwata kwa mphenzi saopa kung'anima. Ngolo ikapulumuka inkakawomba inzake ya patsogolo, ndipo mahatchi ndi anthu ankathyoka miyendo, ena kufera pomwepo.

Mu 2013, anthu akukumba pamalo pamene panali fakitale yopanga zombo ya Neptune ku Walker, anapeza njanji yotereyi ili gone pansi pa dothi, matabwa ake osawola, zikhomo zili m'malo mwake. Matabwa ena anali ochotsa ku zombo zakale, chifukwa anthu aja sankataya kanthu. Pambali pake panali kanjira kotsikira m'dziwe loyalidwa miyala, mmene ngolo zinkadutsa kuti mawilo a mtengo anyowe, asaume n'kung'aluka. N'chimodzimodzi mmene ife tinkaviikira khasu m'madzi mpini ukayamba kugwedera.

Tsono njanji siuluka, imadutsa m'munda mwa munthu. Mwini munda aliyense ankalipiritsa chaka ndi chaka kuti ngolo zidutse pake, ndipo amene wagwira njira ya kumtsinje anali atagwira mnzake pakhosi, ngakhale mnzakeyo akhale ndi malasha ochuluka bwanji. Mutu umodzi susenza denga, ndiye mu 1726 mabanja olemera angapo, a Liddell, a Wortley ndi George Bowes, anapangana chimodzi, ndipo anthu ankawatcha Grand Allies. Ankagula ufulu wodutsa m'minda ngakhale kumene sankafuna kuyalako njanji, n'cholinga chongotsekereza anzawo. Kunena zoona, mgwirizano umenewu unali wofinya ena ndi kukweza mtengo wa malasha, ndipo ine sindiutamanda. George Bowes ameneyu ndiye anali mwini Gibside, kuja timakadyera masangweji nthawi yotentha, ndipo mwa mwana wake wamkazi Mary Eleanor ndi mmene munachokera banja la Bowes-Lyon, la amayi ake a Mfumukazi Elizabeth yachiwiri. Chuma chili m'nthaka, anatero akuluakulu, koma sananene kuti chimapita kwa wokumba.

Anthu omwewa ndiwo analipira njanji ya Tanfield ya mu 1725, imene kanjira kanu ka njinga kakutsata, ndi mlatho wa Causey Arch, umene unatha mu 1726. Mlathowo ndi uta umodzi wa miyala, wotalika kupitirira mamita 30, woima mamita ngati 24 pamwamba pa kamtsinje ka Causey Burn, ndipo mpaka lero palibe mlatho wa njanji wa uta umodzi wakale kuposa umenewu umene udakaimabe padziko. Pachimake pa ntchito, ngolo zoposa 900 zinkaoloka pamenepo tsiku limodzi. Tayesani kuwerengera: ngolo kutsogolo, ngolo kumbuyo, phokoso la mawilo pamatabwa, fungo la ndowe ndi thukuta la mahatchi, anthu akukuwizana, pamalo pamene lero pamangomveka mbalame ndi madzi. Anaumanga ndi mmisiri wa konkuno, Ralph Wood. Anthu amasimba kuti mantha oti mlathowo ugwa anamudya mtima mpaka anadziponya kuchokera pamwamba pake. Mnansi wanga uja ankainena nkhaniyi akugwedeza mutu, n'kumenya mwala ndi ndodo yake kuti ndimve kulimba kwake. Patha zaka pafupifupi 300 mlathowo uli chiimire.

Kumtsinje ngolo inkakwera pa nsanja ya matabwa yotchedwa staith. Woyendetsa ankagogoda kachitseko ka pansi kaja, malasha n'kukhuthukira m'bwato, fumbi lili kobo. Zombo zikuluzikulu sizinkatha kukwera mtsinje chifukwa unali wosaya ndipo mlatho wakale wa Newcastle unali waufupi, ndiye panali mabwato otakata otchedwa keel, lililonse lonyamula ngolo 8, matani ngati 21, loyendetsedwa ndi amuna atatu ndi kamnyamata. Ankatsika ndi madzi akamaphwera kunyanja, n'kukapakira malashawo m'chombo ndi mafosholo, pamanja. Anthu a mabwatowa ankakhala ku Sandgate, anali aukali, osachedwa kunyanyala ntchito, koma ogwirizana ngati njuchi. Mu 1701 anasonkherana kuchokera m'malipiro awo n'kumanga nyumba yosungiramo okalamba ndi odwala awo, Keelmen's Hospital, imene idakalipo pamwamba pa Quayside. Zili ngati mmene ife timasonkherana kuno wina akamwalira kuti maliro apite kumudzi.

Mudzafunsa kuti ankadya chiyani. M'mawa linali phala la oats longothira madzi owira n'kuvundula, lotchedwa crowdy, mwina n'kuponyamo kamafuta kapena mkaka ngati ulipo. Buledi anali wakuda, wa ufa wosakaniza, wolemera m'mimba. Nandolo wawo wouma ankamuphika mpaka asanduke chipere, chija mumachiona m'masitolo chotchedwa pease pudding inu n'kumachinyoza, chonsecho n'chipere chomwe chija mumanyambita mbale agogo anu akaphika. Tsiku lachisangalalo ankakazinga zitumbuwa zafulati pachiwaya, zotchedwa singing hinny chifukwa mafuta ake amalira pamoto ngati akuimba. Kamba wa kuntchito ankamutcha bait, ndipo mawu amenewo mudzawamvabe kwa amuna a kuno. Hatchi inkadya mwini wake asanadye, poti ndiyo inali munda wake.

Woyendetsa ngolo ankadzitcha wamwayi poyerekeza ndi amene anali pansi. Kumeneko mantha anali ena: mpweya woyaka, madzi, denga kugwa. Ana aang'ono ankakhala okha mumdima tsiku lonse, ntchito yawo kutsegula ndi kutseka zitseko zoyendetsa mpweya, mpaka lamulo la 1842 linaletsa akazi, atsikana ndi anyamata osakwana zaka 10 kulowa pansi. Amuna ankasainira chaka chathunthu kwa mwini mgodi mmodzi, ndipo wothawa chaka chisanathe ankatha kumangidwa. Ndikamva zimenezi ndimakumbuka thangata, ngakhale kuti sizofanana ndendende. Pa 25 Meyi 1812 mgodi wa ku Felling, kuno ku Gateshead komwe, unaphulika n'kupha amuna ndi anyamata 92. Mayina awo ndi zaka zawo zili pachipilala m'manda a tchalitchi cha St Mary's ku Heworth, pafupi ndi pamene mumakwerera sitima ya Metro. Ena anali a zaka 8. Iwe wamng'onowe, ndi msinkhu wako umenewo.

Tibwerere ku mtsetse. Anthu aja ataona kuti phiri limatsitsa ngolo kwaulere, anadzifunsa kuti bwanji phiri lomwelo lisakwezenso zopanda kanthu. Anaika chiwilo chachikulu pamwamba pa chitunda n'kukulungapo chingwe, mbali ina kumangako ngolo zodzaza, mbali ina zopanda kanthu zimene zili kumunsi. Zodzaza zikamatsika zinkakoka zinzakezo, n'kupambana pakati pamene njanji inkagawika pawiri, munthu mmodzi ali pabuleki pamwamba. Palibe udzu, palibe moto, kulemera kwa malasha kokha. Njanji ya Hetton ya mu 1822, yopita kumtsinje wa Wear ku Sunderland, inagwiritsa ntchito nzeru imeneyi pamodzi ndi mainjini a nthunzi, popanda chiweto ngakhale chimodzi. Ya Bowes, yodutsa ku Springwell kupita ku Jarrow, inayamba mu 1826 ndipo inatsitsa malasha ndi zingwe mpaka 1974. Mnansi wanga anaiona ndi maso ake ikugwira ntchito, ndipo ankati ana ankakalipiridwa tsiku ndi tsiku kuti asasewere pafupi ndi chingwe.

Koma imene ndimaikonda ndi iyi. Panjanji ya Stockton ndi Darlington, imene inatsegulidwa mu 1825, mahatchi ankakoka ngolo zingapo nthawi imodzi, ndipo kuthamanga pambuyo pake pamtsetse wautali kunkawatopetsa pachabe. Mu 1828 anawapangira kangolo kawokawo kotsika, kotchedwa dandy, kokoledwa kumapeto. Pofika potsika hatchi inkamasulidwa, n'kukwera m'kangolo kake, n'kumadya udzu mphepo ikuiwomba, ngati bwana. Kutsidya kwa nyanja ku America, m'dera la Pennsylvania, anali atayamba kale zofananazo. Kumeneko Josiah White ndi Erskine Hazard anayala njanji ya makilomita ngati 14 mu 1827 kuchokera kumigodi ya Summit Hill kutsikira ku Mauch Chunk, tauni imene lero imatchedwa Jim Thorpe, pamtsinje wa Lehigh. Ngolo zinkatsika zokha m'mphindi ngati 30, nyulu zili m'ngolo zawo pambuyo, ndipo pobwerera nyuluzo zinkakoka zopanda kanthu kwa maola atatu kapena anayi. Amasimba kuti zitazolowera kukwera zinkakaniratu kutsika wapansi, ngakhale uzikwapule bwanji. Ine ndimazimvetsa, inunso chiyambireni kukutengani pa galimoto kusukulu simufunanso kuyenda. Malasha atapeza njira ina, anthu anayamba kulipira ndalama kuti akwere njanjiyo pongofuna kumva kukoma kwa liwiro, mpaka m'zaka za m'ma 1930.

Hatchi inagonja chifukwa cha mimba yake. Pa nthawi ya nkhondo za Napoleon udzu ndi oats zinakwera mtengo, mahatchi ambiri anatengedwa kunkhondo, ndipo eni migodi anayamba kulakalaka chokoka chimene chingadye malasha, poti amenewo anali mbwee pakhomo. Matabwa nawo anali akusinthidwa ndi zitsulo. Ku Wylam, kumtunda kwa Tyne, kuli kanyumba koyera m'mphepete mwa njira ina ya njinga yonga yanuyi. M'chipinda chimodzi cha kanyumba kameneko munabadwira George Stephenson mu 1781, ngolo za mahatchi zikudutsa pakhomo penipeni. Ali mwana ankalipidwa timakobiri tiwiri patsiku poweta ng'ombe za mayi wina wamasiye kuti zisalowe panjanji, ndi kutseka zipata madzulo ngolo zikatha kudutsa. Kuwerenga anaphunzira ali ndi zaka 18. M'mera mpoyamba. Injini yake yoyamba anaipanga ku Killingworth mu 1814, ndipo poyala njanji zake anangotengera kutalikirana kwa mizere kumene anakupeza panjanji za mahatchi za kumeneko. Muyeso umenewo, atauwonjezera pang'ono, ndi mamilimita 1,435 amene sitima zambiri zapadziko zimayendapo lero, kuphatikizapo Metro yanu ndi sitima ya ku London. Ya kwathu ndi yopapatiza, mamilimita 1,067, ndipo nayonso masiku ano imanyamula malasha, ochokera ku Moatize kudutsa ku Nkaya ndi ku Liwonde kupita kudoko la Nacala.

Pansi pa nthaka mahatchi aang'ono anakhalitsa kuposa pamtunda. Omaliza pamgodi wa Ellington ku Northumberland anatulutsidwa mu 1994, ndipo mgodiwo, umene unali womaliza wakuya kuno kumpoto chakum'mawa, unatsekedwa mu 2005. Mnansi wanga anamwalira ndi chifuwa chake chija amayi anu asanakwatiwe. Ndodo yake ana ake anandipatsa ine, ndi iyo ili kuseri kwa chitsekoyo.

Loweruka likubwerali njinga muzisiye. Tidzapita ku Causey Arch wapansi kuchokera poimika magalimoto, mukaone ngolo ya matabwa imene anaipanga motengera zakalezo n'kuiimika pafupi ndi mlatho, ndipo aliyense wa inu akayese kuikankha ndi phewa. Muvale majombo ndi zipewa, kumeneko kuli matope, ndipo wina akumbutse agogo anu aakazi kutiikira tiyi m'fulasiki.